Pulinta ya Malemu Bizwick

"Usadine! Iwe Tabitha, chotsa chala pamenepo. Uyambe wandiuza chimene chalembedwacho."

Agogo a Viness anali atakhala pa ndowa yovundikira, pakhomo pa kachipinda kamalata kamene mwana wawo Bizwick ankagwiriramo ntchito, kuseri kwa nyumba ku Delft, dera la ku Cape. Kuwerenga sadziwa, koma chiyambire m'mawa maso awo sanachoke pagalasi la kompyuta. Chinthu cholankhula mopanda pakamwa sachisiya chokha ndi ana.

"Agogo, ndikamakuwerengerani mzere uliwonse tigona pano," anatero Tabitha, mwana woyamba wa malemuyo, amene amaphunzira za makompyuta ku koleji.

"Bola kugona pano kusiyana n'kulira kawiri."

Bizwick anamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima Lolemba lapitalo. Galimoto yonyamula thupi lake kupita kwawo ku Balaka inali yoti inyamuka mawa m'mawa. Kwa zaka zambiri, Mmalawi akamwalira ku Delft kapena ku Kraaifontein, anali Bizwick amene ankasindikiza nkhope yake pa matisheti a operekeza maliro. Tsopano matisheti ake omwe anali mulu pakona, oyera mbee, ndipo pulinta inali duu. Panja amayi amvano ankaimba, ena akusuzumira kufunsa ngati zatheka.

Amene anayambitsa zonsezi anali ataima kumbuyo kwa Tabitha, manja m'thumba. Anali Douglas, mng'ono wake wa Bizwick, wonyamula mabokosi a zipatso kumsika wa ku Epping.

"Ine ndimafuna kuthandiza," anatero kachitatu. "Kompyuta inafunsa yokha ngati ndikufuna zatsopano. Munthu angakane apudeti?"

"Inakuchenjezani, bambo aang'ono. Inati pali zina zomangidwa kuti zisasinthe. Inu munazimasula."

"Nanga achimwene ankasungiranji zinthu za nthawi ya makolo? Ndinkawauza ine."

"Ndinanena," anatero agogo. "Ndinanena dzulo kuti za munthu womwalira sazigwira thupi lisanatuluke. Koma mawu anga m'nyumba muno ndi mphepo ya ku Cape, yongokupiza malata."

Tabitha anapukuta thukuta. Kachipindako kanali kotentha ngati uvuni, ndipo magetsi anali oti azima folo koloko. Analemba mawu, nadina, galasi linadzaza mizere. Anatsonya.

"Chakana?" anafunsa agogo.

"Chakananso."

"Chikuti chiyani?"

Mtsikanayo anatembenuza mpando. "Tamverani, agogo. Pulintayi ndi yakale. Imamvana ndi kompyuta kudzera mu kapulogalamu kena, ndipo kapulogalamuko kamadalira paketi yakale. Mapaketi ndi timagawo ta mkatimu, timadalirana. Bambo aang'ono aika atsopano. Ndikati paketi ija ibwerere mwakale, ina ikukana, ikuti ine ndimadalira yatsopanoyo. Ndikabweza imeneyo, kukutuluka inanso yodandaula."

"Ndiye ubweze onse."

"Ndi zimene ndikuchita kuyambira m'mawa!"

"Usandikalipire, si ine ndinadina."

Douglas anatuluka kukasuta, nabwera ali ndi nzeru. Anati apite ndi chithunzi ku shopu ina ya ku Bellville. Tabitha sanatembenuke n'komwe. Shopuyo anali ataiimbira kale, inati mpaka Lolemba. Komanso amayi a Tabitha, ali gone pamphasa m'nyumbamo, anali atanena ndi mawu osasa kuti nkhope ya mwamuna wawo isatuluke m'makina a mlendo.

Dzuwa litapendeka, kompyuta inapereka njira yakeyake. Tabitha anawerenga chamumtima.

"Yavomera?" anatero Douglas, akuwerama. "Eya, si iyi ikuti yes kapena no? Dina yes, mwana iwe!"

"Ikuti pulinta igwira, koma ichotsa zina."

"Ichotse! Tikufuna matisheti."

"Zina zake ziti?" anafunsa agogo. Maso awo anali pa mdzukulu wawo.

"Kobiriwira kanu kaja, agogo."

Kobiriwirako kanali kachithunzi kamene kankakhala pakona yapansi ya galasi. Pafupi nako, pa pulasitiki ya m'mphepete, Bizwick anadonthezapo utoto wofiira wa m'zikhadabo. Agogo a Viness ankangofuna kadonthoko, n'kukankha mbewa ya kompyuta mpaka pamenepo, n'kudina. Nkhope ya mng'ono wawo Salome inkatulukira kuchokera ku Balaka, yaikulu ngati ali pakhonde pomwepo. Foni sankaiona bwino, komanso inkawathawa m'zala.

Ku maliro iwo sankapita nawo. Miyendo inali yotupa, adokotala anakaniza ulendo wautali chotero. Tabitha, Douglas ndi mayi a Tabitha onse anali apaulendo. Salome anali atalonjeza kuti adzaimika foni kumanda, achemwali ake adzaone dothi likugwa.

"Tikachotsa pano, uzabwezeretsa tikamaliza," anatero Douglas.

"Sizitheka lero. Kobiriwirako kakufuna paketi yatsopano, pulinta ikufuna yakale, ndipo paketi yake ndi imodzi yomweyo. Kusintha uku n'kubwereranso, magetsi atipeza pakati, tiwononge zonse."

Panja nyimbo inatha, ina inayamba. Agogo anayang'ana mulu wa matisheti, nayang'ananso kadontho kofiira, kamene tsopano sikankaloza chilichonse chifukwa zatsopano zija zinasuntha zonse. Anakoka chitenje m'mapewa ngakhale kunali kotentha.

"Chotsa," anatero. "Mwana wanga anaveka anthu onse a m'tauni muno. Asapite kwawo wopanda nkhope, anthu a ku Balaka angati kunalibe abale. Ine manda ndinawaonapo ambiri. Koma udine pang'onopang'ono, chingapse."

"Mwamva? Amayi alola," anatero Douglas, koma mawu ake anali atatsika.

Chala cha Tabitha chinaima pamwamba pa batani. Sichinatsike.

"Dina, nthawi ikutha!" anatero Douglas.

"Dikirani. Sabata yatha bambo anasindikiza matisheti a mayi uja wa ku Kraaifontein. Tsiku lomwelo agogo analankhula ndi agogo a Salome. Zonse ziwiri zinkayenda."

"Ndiye?"

"Ndiye pali paketi imene zonse ziwiri zimailola."

Anadina kukana. Douglas anamenya khoma ndi chikhatho, malata analira, agogo anadzidzimuka n'kumuuza kuti agwetsa nyumba pa maliro. Tabitha sanawamve. Anatsegula malo amene kompyuta imasungamo mapaketi amene inakokapo kale, nayamba kufunafuna. Inalimo. Sinali yakale kwambiri imene iye ankalimbana nayo tsiku lonse, sinalinso yatsopano. Inali yapakati, ndipo anzake oyenda nayo analinso momwemo.

Anailamula kuti ibwerere. Kompyuta inakana, inati ina yatsala. Anawonjezera imeneyo, inakananso.

"Mukuona? Tataya njira yabwinobwino," anatero Douglas.

"Bambo aang'ono, chonde, kaimeni panja."

"Iwe, ukulankhula ndi ndani?"

"Douglas, tseka pakamwa," anatero agogo. "Ndipo iwe Tabitha usathamange. Wothamanga ndi amene watifikitsa pano."

Tabitha anasiya kubweza imodziimodzi. Analemba onse pamzere umodzi, iliyonse ndi nambala ya mtundu wake, kuti abwerere limodzi pasapezeke wotsala wodandaula. Mzerewo unatalika mpaka kupindika kawiri. Anauwerenga ndi chala, nakonza nambala imodzi imene anaphonya.

"Ichotsa chiyani?" anafunsa agogo.

"Palibe."

"Wawerenga bwino? Zinthu izi zimanama."

"Palibe, agogo."

Anadina. Mizere inayamba kuthamanga. Agogo ankanong'oneza magetsi kuti adikire. Kompyuta inazima, n'kuyakanso ndi nkhope yake yakale. Kenaka pulinta inakhosomola, inakoka pepala, ndipo pang'onopang'ono panatuluka chipumi cha Bizwick, maso, ndi kumwetulira kwake kwa mbali imodzi.

Douglas anatenga pepalalo ndi manja awiri. Kenaka anayatsa chitsulo chodindira matisheti.

"Nditenthetse ine," anatero. "Izi ndiye ndimazidziwa."

Tabitha anali akulembabe. "Ndikuwamanganso mmene bambo anachitira, kuti asadzasinthe okha. Anamanga imodziimodzi, agogo, ndi manja. Ine ndinkawaseka kuti amaopa zatsopano."

"Ankaopa," anatero agogo. "Anatengera ine."

Kachithunzi kobiriwira kanali katabwerera pakona pake, moyang'anizana ndi kadontho. Koma kadonthoko kanali katafufutika mbali imodzi. Douglas, posuntha pulinta kuti apeze malo oyalapo tisheti, anagwetsa kabotolo kamene kanali kuseri kwake. Kanali ka utoto wofiira uja, katatsala pang'ono pansi, kaburashi kake katapindika ndi ntchito. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakakhutchumula, nagwada patsogolo pa galasi.

"Usadonthezere pagalasipo," anatero agogo a Viness. "Ndipo usakulitse. Mkulu wako ankaika kakang'ono."

Douglas anaika kakang'ono, nauzira kuti kaume. Agogo anadzuka pa ndowa paja, anapukuta dzanja pachitenje, nagwira mbewa.