Kiyi Amene Anapita ndi Luse

Ku Kanyama anthu oumira aliko, koma a Chilekwa anawaposa onse. Bambo ameneyu ankatha kuyenda wapansi mpaka kumsika wa Soweto kukagula tomato wa tsiku limodzi, ati ogulitsa apafupi ndi akuba. Ndiye palibe amene ankadabwa kuona galimoto yawo itaima pabwalo zaka ziwiri osasuntha, chifukwa chokana kudulitsa kiyi wina.

Galimotoyo inali yaing'ono, yoyera, yochokera ku Japan. Anaigula ndi ndalama zopumira pantchito, atatha zaka makumi atatu akupinda mapaipi kufakitale. Kuyendetsa ankatha, koma maso anali atayamba kuwanamiza, choncho chiwongolero anachisiyira Luse, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamulera okha mayi ake atamwalira. Luse ankanyamula amayi ogulitsa zovala za salaula ndi mabelo awo, odwala opita kuchipatala, ngakhale akwati. Akamabwera madzulo ankaliza hutala kawiri pageti, ngakhale geti litakhala lotsegula, n'cholinga choti bambo ake atuluke akudandaula za phokoso. Iwo ankatulukadi akudandaula, koma ankakhala atamva injiniyo ikadali kutali.

Kenako kunabwera Ngosa, kondakitala wa minibasi ya ku komboni ya George. A Chilekwa, pokhala mkulu wa mpingo wovala jekete lakuda, ananena kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wodya za kukuwa pakhomo la basi. Luse sanagonje. Anakangana Loweruka lina masana, aneba akumvetsera kuseri kwa mpanda, mpaka bamboyo analankhula mawu amene mpaka lero amawawawa pakhosi.

"Ukachoka pa geti apo, usakabwele futi. Ine nilibe mwana."

Luse anatuluka wapansi ndi chikwama chimodzi. Galimoto anaisiya yokhoma, pamalo pake pafupi ndi geti. Koma kiyi anapita naye m'thumba la buluku, ndipo wachiwiri kunalibe, pakuti galimotoyo inabwera ndi mmodzi yekha. Kaya anaiwala kumusiya, kaya anachita dala, a Chilekwa sanadziwe. Funso limeneli analitembenuza zaka ziwiri ngati chimanga chowotcha pa mbaula.

Mwezi uliwonse, akakatenga penshoni, ankapatukira kwa Hatibu, wodula makiyi amene anali ndi kakontena m'mphepete mwa msewu wa Los Angeles. Makolo a Hatibu anachokera ku Mangochi kalekale, ndipo iye anatengera bambo ake luso la maloko pamodzi ndi kuleza mtima, kumene pa a Chilekwa kunkafunika kwambiri.

"Ba Hatibu, kiyi ya motoka ni zingati manje?"

"Ba Chilekwa, mwezi watha ninakuuzani."

"Niuzeni futi. Kapena yachipa."

Hatibu ankapukuta manja n'kutsitsa makiyi anayi pa msomali, n'kuwayala pathabwa monga ankachitira nthawi zonse. Woyamba anali chitsulo chokhachokha. "Iyi ni ya mamotoka yakudala, nidula apa apa muli chiimilile, handiredi kwacha chabe. Iyi inangu ili na kachipu mukati. Mukadula chabe nsimbi, chitseko chizaseguka, koma injini izakana, chifukwa motoka ifuna kumvela kachipu kamene iziba. Iyi ili na chipu na limoti, ndiye yanu. Iyi yosiliza siingena na mu loko, mufaka chabe mu thumba na kudina batani mu motoka. Iyo musafunse na mutengo, muzadwala."

"Nanga yanga?"

"Mukanankhala na sipeya sembe nakopela chabe, vopepuka. Manje imwe mulibe olo imozi. Nifunika kubwela ku nyumba, nisegule motoka, nibelenge loko, nidule kiyi, nifake kompyuta. Tu sauzande."

Apo a Chilekwa ankagwira mutu ngati amva za maliro. "Awe mwandi! Tu sauzande pa kanthu kochepa so? Mu seventi-naini tate wanga anagula ng'ombe na ndalama yosafika apo!" Ankatuluka akupukusa mutu, atakhutira. Hatibu ankabwezera makiyi pa msomali, akudziwa kuti munthuyu sanabwere kudzagula. Anabwera kudzamva kuti kiyi ndi wodula, kuti akagone ndi chifukwa chosadulitsira wina.

Zoona zake n'zakuti a Chilekwa ankamusowa Luse. Ankamusowa m'mawa pothira tiyi m'kapu imodzi, ankamusowa madzulo hutala wa galimoto ya eni akalira pamsewu. Kumene Luse ankakhala ankakudziwa, pakuti George sikutali, minibasi ziwiri basi. Anamvanso kutchalitchi kuti kunabadwa mwana wamwamuna. Koma bambo amene ananena pamaso pa aneba kuti alibe mwana akagogoda bwanji pakhomo la kondakitala? Chimene anatsala nacho chinali kiyi uja. Mumtima ankati, tsiku lina Luse adzabwera kudzabweza kiyi, ndipo akadzaima pageti, iwo adzadandaula pang'ono za kuchedwa kwake, kenako adzamuuza kuti alowe.

N'chifukwa chake galimotoyo ankaisamala ngati ikupita kwina mawa. Ankaipukuta fumbi, ankapopa mateyala ndi pampu ya njinga. Boneti inali yomanga ndi waya kuyambira kale, choncho batire ankalichotsa mwezi ndi mwezi kukalitchajitsa kwa wowotcherera zitsulo. Wina akafunsa, ankati batire likafa kugula lina n'kodula.

Panali vuto limodzi lokha. Nthawi zina, makamaka Lamlungu masana iwo atakhala pakhonde, galimotoyo inkaphethira. Magetsi a m'mbali ankayaka kawiri, phethi phethi, kenako zii. Amayi oyandikana nawo anayamba kunong'ona kuti muli zinthu m'galimotomo, wina mpaka anapereka dzina la m'busa wodziwa kutulutsa. A Chilekwa, munthu wa kufakitale, anawaseka. Anati ndi makoswe akudya mawaya.

Chaka chachitatu mvula inabwera ndi ukali. Ku Kanyama madzi sasowa njira, amangolowa kumene afuna, koma ulendo uno neba anali atamanga khoma latsopano, ndipo madzi onse a mumsewu anakhotera pabwalo la a Chilekwa. Sabata yoyamba ya Januwale anafika theka la mateyala. Sabata yachiwiri ananyambita m'munsi mwa zitseko. Kukankha sikukanatheka: chiwongolero chinali chokhoma, giya ili pamalo oimikira. A Chilekwa anaima pakhonde, buluku atapinda mpaka m'mawondo, n'kuona kuti mvula ina ikangogwa, Luse adzabweza kiyi wa chitsulo chowola.

Lachitatu m'mawa, a Chilekwa atamuitana, Hatibu anafika atavala majombo, chikwama cha zida atachisenza pamutu. Chitseko anachitsegula ndi timawaya tiwiri mwachangu moti a Chilekwa anayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Fungo la m'katimo linawapeza asanakonzeke. Munali mukadali kafungo ka mafuta odzola a Luse, ndipo pa giya panali pakadali kalabala kake komangira tsitsi. Anatembenuka n'kuyamba kutsokomola chifuwa chimene analibe.

Hatibu anadula kiyi pa kamakina kake, nalumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero. Asanadine kalikonse anatulutsa mutu pawindo.

"Ba Chilekwa, pali vinthu viwili, musankhe mweka. Njila yachangu, nifuta makiyi yonse yamene motoka iziba, nilembamo iyi yanyowani. Maminiti twente, tu sauzande yamene ija. Ndiye vamene bantu bambili bafuna, chifukwa kiyi ikasoba simuziba ili na ndani."

"Nanga kiyi yakudala?"

"Motoka izaibala. Olo munthu abwele nayo, azadina, azapokosa, kulibe vizachitika. Yankhala chabe nsimbi."

A Chilekwa anayang'ana madzi amene ankazungulira miyendo yawo. "Inangu njila?"

"Inangu ni yovuta. Nimasula dashibodi yonse, nichosa kabokosi kali mukati, nibelenga vamene vinalembewa, niwonjezelapo iyi pambali pa yakudala. Zonse zibili zizayamba kusebenza. Koma ni nchito ya siku yonse, na mutengo ni fili sauzande faivi. Ine nikanankhala imwe, sembe natenga yachangu."

Hatibu anadikira kuti amve za ng'ombe ya mu seventi-naini. Anadikira kugwira mutu kuja. Koma bambo amene ankayenda wapansi mpaka ku Soweto chifukwa cha tomato sanadandaule n'komwe za mtengowo.

"Masulani dashibodi," anatero.

"Ba Chilekwa, mwamvela mutengo?"

"Namvela. Musafute kiyi ya mwana wanga."

Kanali koyamba m'zaka ziwiri kuti mawu akuti mwana wanga atuluke pakamwa pawo munthu wina akumva. Hatibu anatsegula chikwama cha zida. Anatenga sikuludilaiva n'kuyamba kumasula.

Ntchitoyo inatenga tsiku lonsedi. Hatibu anaima kamodzi kokha, kukaswali pakhonde pouma, ndipo a Chilekwa anamuyalira katoni osapemphedwa. Dzuwa litapendeka injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira, utsi wakuda uli tolotolo. Hatibu anazimitsa, anatuluka, natseka chitseko, n'kudina batani la kiyi watsopano kuti ayese limoti. Magetsi a m'mbali anayaka kawiri, phethi phethi.

"Ehe, iyo ndiye vuto inangu," anatero a Chilekwa. "Muoneko na mawaya. Imachita so yeka, makamaka pa Sondo. Makoswe."

Hatibu anapukusa mutu. "Mawaya naona yonse lelo, yali chabe bwino. Motoka siichita so yeka, ba Chilekwa. Ichita so ngati munthu adina batani yokhomela pa kiyi."

"Kiyi iti? Kiyi inali kulibe."

"Inaliko imozi." Hatibu analoza ndi chibwano kutsidya kwa msewu, kumene kunali kiyosiki ya madzi ndi mzere wa anthu onyamula zigubu. "Limoti iyi siifika patali. Apo pa kiyosiki ndiye posilizila."

A Chilekwa anakhala pansi pa sitepe yonyowa osaona n'komwe kuti ndi yonyowa. Anayamba kukumbukira Malamulungu onse aja, iwo ali pakhonde ndi jekete lakutchalitchi, akutukwana makoswe. Mwana wawo ankakwera minibasi ziwiri kuchokera ku George, n'kuima pakati pa anthu otunga madzi, kuwayang'ana bambo ake pa mpata wa geti, n'kuliza hutala wake kawiri m'njira yokhayo imene inamutsalira. Ndipo iwo, ndi maso awo onamawo, ankangoona mitu ya anthu ndi zigubu zachikasu. Zinawapweteka kwambiri, koma munalinso kukoma m'kupwetekako.

Hatibu analangiza kuti galimoto aiimike kuseri kwa nyumba, pokwera. A Chilekwa anavomera ndi mutu, koma kuseri kwa nyumba n'kutali ndi kiyosiki. M'mawa mwake anaibweza m'mbuyo pang'ono, ndipo masiku awiri anatuta miyala ndi zibenthu za mabuloko pa wilibala, msana ukulira, mpaka pamalo akale paja panakwera kuposa madzi. Kenako anaikweza pomwepo, mphuno italoza kumsewu.

Lamlungu anatuluka m'tchalitchi nyimbo yomaliza isanathe, zimene mkulu wa mpingo sachita. Anatsegula geti mbali zonse ziwiri n'kuliyedzeka ndi miyala. Anaika mpando pakhonde, wina pambali pake, nakhala, kiyi watsopano ali m'manja. Wani koloko inadutsa. Thu koloko inadutsa. Mitambo inayamba kusonkhana chakumadzulo, ndipo mantha anawagwira kuti mwina Luse anatopa kalekale, kuti mwina ulendo womaliza uja unali womalizadi.

Itangokwana fili koloko, galimoto inaphethira kawiri.

Anayang'ana chala chawo. Sichinali pa batani. Anakweza maso kutsidya kwa msewu, koma kunali chimodzimodzi monga kale, mitu, zitenje, maambulera, zonse zosakanikirana ngati zili m'madzi. Anadina batani lawo. Phethi phethi.

Panapita kanthawi kotalika. Kenako magetsi aja anayakanso okha.

A Chilekwa anaimirira. Anatsika sitepe, nalowa m'madzi ndi nsapato zakutchalitchi, mpaka anafika pageti pamene ananenera mawu aja. Sankadziwa kuti mwa anthu onsewo ayang'ane uti, ndiye anangokuwira msewu wonse, aneba akumva monga anamvera tsiku lija.

"Luse! Luse, mayo! Geti ni yosegula!"

Pamzere wa madzi paja, mayi wina wobereka mwana kumbuyo anatuluka pakati pa zigubu n'kuima m'mphepete mwa msewu, kudikira kuti minibasi idutse.