Laputopu Yolira Ngati Injini

Tionenji ankasankha mpunga palichero, kutola timiyala kamodzikamodzi, ngakhale mpungawo unali utayera kale. Panja, malume ake, a Jameson, anali atakwera kale njinga yamoto ndipo ankaliza hutala. Tionenji sanafulumire.

Kalabu ya alimi a mpunga ku Maganga inali itamulonjeza ntchito yolowetsa zokolola za mamembala m'kompyuta, bola Lolemba afike ndi laputopu yake. Akapanda kutero, ntchitoyo apatsa wina. Alimiwo ankakumana pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi magetsi. Malume ndiwo anadzipereka kumugulira, ndipo kwawo munthu woguliridwa chinthu ankangowomba m'manja n'kulandira.

Shopu ya Nasir, pamsika wa Senga Bay pamene awiriwo anafikira, inali yopapatiza. Malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito anali atandandalikidwa pathebulo, onse akuyaka, zingwe zawo za magetsi zitapiringizana pansi.

"Afika a mekaniki," anatero Nasir. "Sipanala mwaisiya kunyumba?"

"Ili m'thumba. Ukandinamiza ndimasula nayo mano ako."

A Jameson anakulira kukonza injini za maboti, ndipo makina aliwonse ankawayesa ndi manja komanso makutu. Ananyamula laputopu iliyonse n'kuipima kulemera kwake. Ina yaing'ono yotuwa, yokandika pakona, anaikweza mpaka chingwe chake chinazuka. Anaikankhira pambali.

"Iyi ndi mbale ya ndiwo."

Kenako anagwira yaikulu yakuda. Inkalira mosalekeza, mpweya wotentha ukutuluka m'mbali mwake. Malume anawerama n'kuikapo khutu, maso atatsinzina.

"Wamva, Tio? Injini yamoyo imeneyi. Zachetezi zinatopa kale."

"Wallahi, ndikulumbira, makutu anu saphonya," anatero Nasir.

Tionenji ankayang'anitsitsa manja a Nasir. Anaona kuti nthawi iliyonse malume akaitembenuza yakudayo, dzanja la Nasir linkathamangira kugwira pamene chingwe chalowera. Yotuwa ija inali pambali, yopanda chingwe, ikuyakabe. Anaisendera pafupi n'kudina mabatani ake mmodzimmodzi. Onse ankagwira ntchito.

Malume anali atayamba kale kukambirana zoti Nasir awonjezere chikwama ndi mafilimu a nkhondo. Nasir ankavomera chilichonse mwachangu, uku akufunafuna pulasitiki yokulungira. Tionenji anaganiza za Lolemba. Ankawaona alimi aja atamuzungulira pamphasa, akudikira, iye akudina chinthu chozima.

"Malume."

Sanamve. Ankaseka zimene Nasir ananena za boti lina lomwe linawakanika kulikonza.

Tionenji anasendera pafupi, napinda maondo pang'ono.

"Malume, pepani. Auzeni azule chingwecho."

Onse awiri anamuyang'ana. Nasir anamwetulira, koma dzanja lake silinachoke pachingwe.

"Batire ndi nkhani yaing'ono, chemwali. Latsopano limabwera kuchokera ku Lilongwe."

"Liti?" anafunsa malume.

"Likapezeka."

A Jameson anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawoyo, nkhope itachita makwinya. Sanazolowere kumumva akulankhula pagulu.

"Ndiye ukuti ine sindidziwa makina?"

Tionenji anayang'ana pansi, koma mawu anatuluka.

"Injini mumazidziwa, malume. Koma iyi ikulira chifukwa ikutentha, ndipo ku Maganga kulibe polumikiza chingwe. Mukagula imeneyi ndithokoza, koma izikhala pakhomo, ntchito apatsa wina. Ine ndikufuna yotuwayi."