Gitala Yosasa Mawu

A Malizani anatsika minibasi ku Chinsapo dzuwa likuswa mtengo, nkhope ili gwa ngati munthu wokagwira wakuba. Akulu a mpingo wawo wa ku Kawale anali atawatuma kukalanda kiyi wa chipinda cha zoimbira kwa Mwayiwathu, woimba gitala m'kwaya. Kiyiyo akangobwerera, ndiye kuti za Mwayiwathu m'kwayamo zathera pomwepo.

Nkhani inayamba Loweruka, pokonzekera nyimbo. A Malizani, amene zipangizo zonse za mpingo zinali m'manja mwawo, anamva gitala ikulira mosasa ngati tambala wodwala chitopa. Khutu lawo ankalikhulupirira kuposa anthu. Sipika yang'ambika! Sipika yomwe amayi a mvano anaikhetsera thukuta! Ndipotu sipika siing'ambika ndi nyimbo za m'buku. Mwayiwathu ankaimba m'mabala a ku Biwi asanatembenuke mtima, ndipo anali a Malizani omwewa amene anamuikira kumbuyo pamaso pa akulu, amvekere munthuyu wasintha, mpatseni kiyi. Tsopano zonse zinawaonekera poyera: mkuluyu amaitulutsa mwakabisira kukavinitsira zidakwa.

Lamulungu sipika ija inalira bwinobwino, koma zimenezo sizinawatonthoze. Anangoti waimata ndi guluu, kamberembere ameneyu. Mapemphero atatha anakatula zonse kwa akulu, ali ndi mkwiyo wosakanikirana ndi manyazi.

Ku Chinsapoko anamupeza Mwayiwathu pakhonde pa nyumba yake, mbaula ili pambali. Pamakala panalibe poto koma chitsulo chowotcherera mawaya, poti magetsi anali atazima. Pansi panali wailesi yakufa, matumbo onse ali panja.

"Abambo! Mwatulukira kuti lero?" anatero Mwayiwathu, akuwapukutira mpando ndi malaya ake.

A Malizani anakhala, maso akuyendayenda. Wailesi imeneyi ndi ya yani? Kusekerera konseku n'kwa chiyani? Anasuzumirako pakhomo, mwina n'kuona chingwe cha mpingo chitapachikidwa pamsomali.

"Ukupanga chiyani, Mwayi?"

"Mwafika panthawi yake. Tandigwirirani kawaya aka, manja awiri sakukwana."

Asanaganize zokana, anapezeka atapana kawaya kofiira ndi zala. Kankalowa m'kachitini ka polishi wa nsapato kobooledwa mbali ziwiri. Mkatimo munali batire, tizitsulo tamizeremizere, ndi kanthu kakuda ka miyendo itatu.

"Kakudaka ndi tiranzisita, ndakazula m'wailesimu," anatero Mwayiwathu, akudonthezera mtovu pa kawaya kaja. Kautsi kanawalowa a Malizani m'mphuno. "Ntchito yake n'kukuza mawu. Koma ukakasenzetsa mawu opitirira mphamvu zake, kamalephera, ndiye mawuwo amatuluka osasa. Uku kulowa gitala, uku kupita ku sipika. Ukaponda batani ili, basi kayamba."

"Ndiye kuti ukuwononga mawu dala?"

"Kukometsa, abambo! Loweruka ndinakayesako pang'ono kutchalitchi kuja, koma kawaya kameneka kanathothoka. Simunamve?"

A Malizani anayamba kudzikayikira. Komabe sanafune kugonja msanga. Munthu wochenjera salephera kupeka nkhani.

"Kanali pati? Ine bwanji sindinakaone?"

"Kuseri kwa benchi. Ndinachita manyazi. Chitini cha polishi m'nyumba ya Mulungu, anthu akanati chiyani?"

Mwayiwathu anatulutsa gitala ndi kasipika kake ka batire, nalumikiza zonse. Anakhwacha nsambo, mawu anatuluka oyera. Anaponda batani, gitala inasasa pomwepo, chimodzimodzi Loweruka lija. Anapondanso, mawu anayera.

"Bwereza," anatero a Malizani, atatong'ola maso pa zala zake. Chinyengo chikanatha kukhala m'zalamo. "Iyayi, chotsa phazi lako. Ndiponde ndekha."

Anaponda ndi nsapato yawo ya Lamulungu. Gitala inasasa. Anayang'ana kasipika kaja mbali zonse, anakagogoda, anakanunkhiza ndithu. Sikanang'ambike paliponse.

"Pali nyimbo ija ya pamtanda," anatero Mwayiwathu, maso akuwala. "Amayi akakweza mawu pandime yomaliza, gitala yanga imamveka yaulemu kwambiri, ngati sikumva chisoni. Ndikufuna izilira nawo. Ndimati ndiyambe ndakuonetsani inuyo, poti enawo amandionabe ngati wa ku bala."

A Malizani anachita manyazi oopsa, oti sanawamvepo chikhalire. Akanatha kutsanzika osanena kanthu, koma nkhani inali itafika kale kwa amayi a mvano, ndipo Kawale yense anali akuitafuna. Mwayiwathu akanaimvabe, mwina m'minibasi.

"Mwayi, akulu andituma kiyi. Akuti umatenga sipika kupita nayo ku Biwi, mpaka unaing'amba."

Mwayiwathu anaseka, kenako anaona kuti akuseka yekha.

"Wanena zimenezo ndani?"

A Malizani anayang'ana makala a pambaula. Mayina oti atchule analipo ambiri, ndipo lililonse Mwayiwathu akanalikhulupirira.

"Ndine."

"Inuyo, abambo? Osandifunsa n'komwe?"

"Ndinamva kusasa kuja, ndiye ndinati... Ndikawauza kuti ndinalakwitsa. Lero lomwe ndikafika kwa abusa. Kiyiyo sunga."

Mwayiwathu anasolola chingwe m'kachitini kaja, natsamiritsa gitala kukhoma. Kenako anamasula kiyi pa lamba wa buluku, nawapatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Tengani, abambo. Sipika ikadzang'ambika zenizeni, musadzavutike kukwera minibasi."

"Mwayi, mwana wanga..."

"Muyende bwino. Mukapereke moni kwa amayi."

A Malizani anatuluka pampanda, kiyi ali m'manja. Sanapite kutali. Anaima pakona, pafupi ndi mayi wogulitsa tomato, akunamizira kumanga chingwe cha nsapato. Ankadikira kuti gitala iyambenso kulira, kaya mosasa kaya moyera, kwa iwo zinalibe kanthu. Mayi uja anawafunsa kawiri ngati akufuna tomato. Chomwe chinkamveka chinali chigayo cha kutsidya kwa msewu basi.