Jekete Yotembenuzidwa

Changu anali atasita zovala za anthu ena kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sabata imeneyo inali yoti ikhale yomaliza. Mlamu wake anamupezera malo pa geti la fakitale ya mabotolo, ntchito yokhala pampando: galimoto ikalira utsegule, ikadutsa utseke. Anagwirizana kuti Lachisanu masana mlamuyo adzamutenga kukamuonetsa kwa akuluakulu a kumeneko. Akapanda kupita tsikulo, malowo apatsa wina.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, alamu," anatero mlamuyo. "Kodi mukufuna mudzafere pa simbi?"

Changu sankafuna kufera pa simbi. Ntchitoyo inali itamutopetsa mpaka m'mafupa. Ankagwirira kuseri kwa shopu yochapa ndi kusita zovala, m'chipinda cha zenera limodzi laling'ono la m'mwamba, momwe nthunzi inkachita madontho kudenga n'kumamugwera pakhosi. Kukhoma kunali chitsulo chachitali chokolowekapo zovala zomwe eni ake sanabwere kudzatenga. Zina zinali zitakhala pamenepo zaka, zili m'mapulasitiki, mapewa ali ndondondo ngati anthu odikira dokotala. Matebulo ositirapo anali awiri. Lina linali lake, linalo linali lopanda munthu kuchokera pamene a Kolala anapuma ntchito.

A Kolala ndi amene anamuphunzitsa kusita. Anali mkulu wamfupi, wosakonda kuyankhula, ndipo dzinalo analitengera pa khalidwe lawo lakuti ukawapatsa moni, ankayamba ayang'ana kolala ya malaya ako asanayang'ane nkhope. Dzina loti Changu linachokeranso kwa iwo, ndipo aliyense ankadziwa kuti sikunali kumuyamikira. Mkulu ameneyu sankakalipa. Ukasita chovala mwachinyengo, kunja kokha, ankachichotsa pa hang'ala, n'kuchitembenuza mkati kukhala kunja, n'kuchigoneka patebulo lako, mkono wakumanzere atautambalitsa pachifuwa. Basi. Chovala chikapanda kubwerera patebulo lako, ndiye kuti wakhoza. Mawu oti wachita bwino Changu anawadikira zaka zisanu, sanawamve. Atapuma a Kolala, iye analonjeza kuti azikawaona. Panapita zaka zisanu ndi chimodzi asanapondeko phazi.

Zaka zimenezo Changu anaphunzira kusita malaya makumi anayi nthawi ya chakudya chamasana isanakwane. Ankadutsitsa simbi kutsogolo, kumbuyo, pakolala, n'kuponya pa hang'ala. Za nsalu ya mkati, misoko ndi matumba, ndani amayang'ana kumeneko? Palibe kasitomala anadandaulapo, ndipo palibenso anayamikirapo.

Lachiwiri m'mawa kunabwera mayi wina wa ambulera yakuda, ngakhale kunja kunalibe mvula. Anabweretsa suti yotuwa yaubweya, yakale koma yosamalidwa, n'kunena kuti siyofunika kuchapa, kungosita, ndipo adikira. Changu anaimaliza mayiyo asanatenthetse n'komwe benchi.

Lachitatu m'mawa mayi wa pakauntala analowa kuseri atanyamula jumbo.

"Achimwene, suti ya dzulo ija yabwerera."

"Yabwerera chifukwa chiyani?"

"Akuti eni ake aikana."

"Aikana kuti yatani?"

"Ine ndingadziwe bwanji? Amangondiyang'ana maso ali gwa. Ati abweranso ikamakwana teni."

Changu anakhuthulira jumboyo patebulo. Buluku linali lopinda bwinobwino, koma jekete inali yotembenuzidwa, nsalu ya mkati ili kunja, mkono wakumanzere uli pachifuwa. Anaima kaye, msana utachita zii ngakhale m'chipindamo munali motentha. Kenako anadziseka. Munthu aliyense wovula jekete mofulumira amaitembenuza, nanga n'chachilendo chiyani? Anaibweza momwe imakhalira, anawaza madzi, n'kukanikiza simbi mwamphamvu kunja konse mpaka mizere inachita kuthwa. Mumtima ankati, masiku awiri okha, kenako aliyense azisita yekha.

Kunyumba mkazi wake anali atatulutsa kale jekete ya Changu yabuluu, imene anavala pa ukwati wawo, kuti adzavale Lachisanu.

"Abambo, anthu akuseka," anatero mkaziyo. "Mwamuna wanga ndi wosita, koma jekete yake ngati yagonedwa ndi mphaka. Mukaitengere kuntchito mukaidutsitse simbi."

Lachinayi Changu anaitenga, naipachika pa msomali kuseri kwa chitseko cha chipinda chositira, n'kuiiwala pomwepo. Anali asanamalize malaya achitatu pamene anamva mawu pakauntala, kenako katani yolekanitsa shopu ndi kuseri inatseguka. Analowa mayi wa ambulera uja, mayi wa pakauntala akumutsatira.

"Ndawauza kuti makasitomala salowa kuno, koma sakumva."

Mayiyo anaika jumbo patebulo lopanda munthu lija. Sanafunse kuti aike pati, anangolunjika pomwepo. Maso ake anali ofiira ngati munthu amene sanagone masiku angapo. Anatulutsa jekete. Inali yotembenuzidwa, mkono wakumanzere pachifuwa, ndipo ulendo uno matumba onse anali atasololedwa kunja.

"Inu ndinu a Changu?"

"Ndine, mayi."

"Chonde ndithandizeni, ine ndatopa."

"Mayi, suti imeneyi ndaisita kawiri. Ngati eni ake ali ndi vuto abwere okha adzanene."

"Sangabwere," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Bambo anga anatisiya Lolemba. Thupi lili kuchipatala, tikudikira achimwene afike kuchokera kutali. Tikufuna tiwaveke mawa m'mawa."

Mayi wa pakauntala anagwira pakamwa. Changu anaimika simbi.

"Nanga akuikana ndani?"

"M'nyumbamo ndimagona ndekha. Ndikabwera nayo ndimaikoloweka m'kabati ya bambo, n'kukhoma, kiyi n'kuika m'chikwama changa. Kukacha ndimaipeza patebulo la pabalaza ili chonchi. Dzulo ndinati mwina ndinaiwala kukhoma. Lero kabati ndaipeza yokhoma. Tili ana, tikatsuka mbale kapena kusita yunifolomu mwaulesi, sankatimenya. Ankangotembenuza n'kutiikira patebulo. Sabata yatha anandiuza kuti, suti yanga ukasititse kwa Changu, ndiye amadziwa. Ndiye ndabwera kwa inu, koma zikuoneka kuti sakukhutira."

Changu anakhala pampando wosweka umene unali pakona. Anachita mantha, zimenezo n'zosabisa. Koma manyazi anaposa mantha. A Kolala anadwala, anafooka, anatha, iye ali pano mtunda wa basi imodzi, akuwerengera malaya. Ndipo mawu aja amene anawadikira zaka zonsezo anafika lero, kudzera pakamwa pa mwana wawo: ndiye amadziwa. Anafika pa tsiku limene sanali oona.

"Mubwere madzulo, chemwali," anatero. "Muipeza."

Amayi awiriwo atatuluka, anasuntha mulu wa malaya n'kuuika pansi. Sanagwire ntchitoyo patebulo lake. Anapukuta fumbi patebulo la a Kolala, nayala bulangete ndi nsalu yoyera, n'kukokerako chingwe cha simbi. Kunja kunachita mitambo, kazenera kaja kanada, ndipo anayatsa getsi dzuwa lili paliwombo.

Anayambira mkati, momwe anaphunzirira. Nsalu ya mkatiyo inali ndi makwinya akale, ena opsinjidwa ndi simbi yake yomwe dzulo ndi dzana. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Anachepetsa moto, chifukwa nsalu yoterera sifuna simbi yaukali. Anatsegula misoko ndi chala, umodzi umodzi, akutsatira ndi nsonga ya simbi. Anasita matumba pawokha asanawabwezere. M'khwapa anapeza chigamba chosokedwa pamanja, timisoko tating'ono tofanana ngati mano a chipeso, pamalo pomwe palibe munthu akanadzaona. Anachisisita ndi chala chachikulu nthawi yaitali.

Kumbuyo kwake mapulasitiki a zovala zosatengedwa zija anayamba kuchita phokoso, pang'onopang'ono, kuchokera kumapeto kwa chitsulo kubwera chakuno, monga zimachitira munthu akamadutsa mothithikana nazo. Chitseko chinali chotseka, ndipo zenera lija silinkatseguka n'komwe. Phokosolo linafika kumbuyo kwa phewa lake lakumanja n'kusiya. Pamenepo ndi pomwe a Kolala ankaima akamamuyang'anira. Changu sanacheuke. Tsitsi linamuima, koma anapitiriza kusita.

Anaitembenuza jekete kunja kukhala kunja. Ananyowetsa nsalu yopyapyala, naifinya, naiyala pamwamba kuti ubweya usanyezimire. Anakulunga thaulo n'kulilowetsa m'mkono kuti usachite mzere. Simbi sankaikoka, ankaiika, n'kuitukula, n'kuiikanso, nthunzi ikukwera ndi fungo la ubweya wonyowa limene anali ataliiwala. Paphewa anagwirira ndi chikhatho mkati, akumva kutentha kukudutsa nsalu kufika pakhungu. Phewalo linadzuka, linazungulira, linakhala ngati muli munthu. Apa Changu anadzimva akuimba chapansipansi, osatsegula pakamwa. Anali wokondwa. Zinamudabwitsa kuti munthu angakondwe akusitira maliro, mzukwa uli kumsana, koma zinali choncho. Manja ake anali akuchita chinthu chimene amachidziwa, ndipo chinkatuluka bwino.

Suti imodzi inamutengera maola awiri ndi theka. Mayi wa pakauntala anasuzumira kamodzi, anaona malaya ali pansi, anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana kumbuyo kwa Changu n'kutseka katani.

Mwana wa a Kolala anabwera madzulo, nainyamula sutiyo ndi manja awiri.

"Ikabwereranso, ndibwera mukangotsegula," anatero.

Lachisanu Changu anafika shopu isanatsegulidwe. Aliyense wogwira chitseko, mtima unkagunda. Kunabwera mphunzitsi ndi makatani, kunabwera namwino ndi madiresi awiri. Malaya a dzulo aja anawasita amodzi amodzi, kuyambira mkati, ndipo pofika leveni anali atamaliza khumi ndi anayi okha. Mayi wa ambulera sanabwere. Nthawi itadutsa yoti akanakhala atafika, Changu anaima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno, akumwetulira ngati mwana wa sukulu, misozi ikutsika. Chovala sichinabwerere.

Ikukwana thwelofu, galimoto inalira panja. Mlamu wake anaimirira pakhomo la shopu akugwedeza makiyi.

"Alamu, tiyeni. Akuluakulu aja sadikira munthu."

"Ndikubwera, nditenge jekete."

Anazimitsa simbi, napita kuseri kwa chitseko. Pa msomali panalibe kanthu. Anacheuka. Jekete yake yabuluu inali patebulo lake, yotembenuzidwa, mkono wakumanzere uli pachifuwa. Mphindi yapitayo patebulopo panali malaya oyera okha, ndipo m'chipindamo simunalowe munthu.

Anaiyandikira. Nsalu ya mkati inali yofota, yothothoka m'khwapa, thumba limodzi lobooka. Zaka khumi ndi chimodzi akusita za eni ake, yake anali asanaiyang'anepo mkati.

Galimoto inaliranso. Mlamuyo anakankha katani.

"Kodi mukutani? Ingovalani, kunjaku ili bwino. Pa geti ndani adzakuyang'aneni mkati?"

Changu anayang'ana mlamu wakeyo, kenako jekete, kenako tebulo la a Kolala, pomwe bulangete la dzulo linali likadali choyalidwa. Palibe chinamugwira mwendo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo akanatha kuibweza jeketeyo momwe imakhalira n'kukwera galimoto. Anaganiza za mpando wa pa geti, manja ali pamwendo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zala zake zinali zitayamba kale kutsegula msoko.

"Pepani alamu, mwavutika chifukwa cha ine. Akuluakuluwo mukawauze apatse wina."

"Mwapenga? Chifukwa cha jekete?"

"Sinathe," anatero Changu.

Mlamuyo anapukusa mutu, natuluka akung'ung'udza kuti akauza mlongo wake. Changu anapempha singano ndi ulusi kwa mayi wa pakauntala, nayatsanso simbi, n'kuchepetsa moto. Kumbuyo kwake mapulasitiki anachita phokoso kachiwiri, kuchokera paphewa lake kupita kumapeto kwa chitsulo, chakukhomo, mpaka kunakhala chete. Ulendo uno anacheuka.

"Pitani bwino, bambo," anatero. Kenako anayesa simbi ndi chala chonyowa, n'kuyambira mkati.