Dzina langa pa pulani ya chigayo

Ndinalota zoipa ine, achemwali. Paja mwana wanga Yohane amajambula zitsulo za chigayo pa kompyuta. Anandionetsapo, akasintha kukula kwa bawuti, mawu a m'munsi mwake amasinthanso okha. Ndiye kutuloko bawutiyo ndinali ineyo, wozizira, wonunkha girisi, pakatikati pa pulani. Pansi panga analemba kuti "Amayi, ogwira zonse." Kenaka kwabwera mpongozi wanga Esinati, ndi zikhadabo zake zofiira zija, n'kudina kamodzi. Ndinangomva ndikuchepa, mawu aja n'kusanduka "Esinati." Yohane akungogwedeza mutu, ati, "Eya, zagwirizana tsopano." Ndimati ndikuwe, koma bawuti ali ndi pakamwa?

Kaya zikutanthauzanji. Koma m'mawa uno ndamuimbira Yohane, woyankha Esinati: "Ali bize, amayi. Ndiuzeni ine."