Mzere Umene Unachotsetsa Mlamu Ntchito

Mu ofesi ija munali amuna asanu opanga mapulogalamu a pakompyuta, ndi mayi mmodzi wolemba buku la malangizo, amene onse ankangomuti Mlembi. Mmodzi mwa amunawo, Wamagalasi, anali mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake. Anthu awiri akagwira ntchito padera pa pulogalamu imodzi, aliyense pa kope lakelake lotchedwa nthambi, Wamagalasi ndiye ankaona ngati nthambizo zaphatikizidwa bwino.

Lachiwiri lina analemba lamulo louza kompyuta kuti imuonetse zimene zasintha pophatikiza, kompyuta osaonetsa kanthu, iye n'kuvomereza. Koma pophatikizapo panali patatayika mizere makumi atatu yokonza vuto lakale. Makasitomala anaimba foni mpaka makutu a bwana kuwawa. Lachisanu Wamagalasi analandira kalata yomuchotsa ntchito.

"Alamu, musandiyang'ane ngati maliro," anatero akulongedza kapu yake m'katoni. "Mng'ono wanu wapeza wochapa mbale waulere."

Mlembi anayesa kuseka.

Lolemba anatsegula buku lija pa tsamba la lamulolo. Panalembedwa kuti: "Lamuloli limaonetsa zonse zimene zasintha pophatikiza." Anayesa yekha katatu. Bodza! Linkangoonetsa mizere yosiyana ndi nthambi zonse ziwiri. Wophatikiza akatenga mbali imodzi yathunthu n'kutaya inayo, lamulolo linkangoti zii. Kuti uone zonse, unkayenera kuwonjezera kachizindikiro kena koyerekeza nthambi iliyonse payokha.

Anafufuza m'mbiri ya bukulo kuti aone amene analemba mzerewo. Anapeza dzina lake lomwe, zaka zinayi zapitazo.

Anaufufuta, n'kulemba ziganizo zinayi zomveka ndi chitsanzo pansi pake. Kenako anagogoda kwa bwana.

"Bwana, mlamu wanga anatsata zimene buku linanena. Wolemba bukulo ndine."

Bwana anawerenga pang'onopang'ono, akugwedeza mutu.

"Apa ndiye mwalongosola, mayi. Ngakhale ine izi sindinkazidziwa."

"Ndiye mumubweza?"

"Akuluakulu anasaina kale, pachoka mnzako pali malo, wina akuyamba mawa." Anavula wotchi n'kuiika patebulo. "Kapena mukufuna ndilembe kalata yachiwiri? Ana anu atatu aja adya chiyani?"

Mlembi anangoyang'ana pansi. Bwana anadina batani lovomereza, mawu atsopano n'kulowa m'buku.

Mlembi atabwerera pampando wake, foni inayamba kunjenjemera patebulo. Anali mng'ono wake. Anaiyang'ana mpaka inaduka yokha.