Bokosi la Chifuwa cha Chewe

Malaiti ku Mtendere amapita osatsanzika, ndipo chifuwa cha Chewe nachonso sichipangana ndi munthu. Mwanayu akayamba kubanika, chimene chimamutsegula ndi kamakina kofukiza mankhwala. Koma kamakinako kamadya magetsi.

Bambo ake, a Kombe, anali atalamula kale potuluka m'mawa: "Ukagule kabokosi kang'ono kaja kosunga malaiti ka kompyuta, nchito yanga isazizima pakati."

Nkandu, mayi ake a Chewe, anabereka mwana, kamakina anakakulunga m'chitenge, uyo ku mashopu a ku Kamwala.

BaMahdi, ogulitsa zamagetsi, anatsitsa kabokosiko n'kulumikiza babu, monga amachitira ndi kasitomala aliyense. Babu linawala.

"Mwaona, mayi? Moto ulimo."

"Babu silikosomola, baMahdi," anatero Nkandu. "Chosani nthambo ku khoma."

Anamasula chitenge chija. M'kakapu ka mankhwala anathiramo madzi, muyeso womwe amapatsa Chewe, n'kulumikiza kamakinako. Kanayamba kulira, nthunzi ili tolotolo. Iye anakhala pa mpando wa eni shopu, diso limodzi pa kakapu, khutu kumsana kumene mwana amapumira.

Anthu anayamba kuunjikana pakhomo.

"Imwe bamake mwana," anafuula mayi wina, "mwabwela kugula olo kuchita lendi?"

Nkandu sanasunthe. Kabokosi kaja kanalira pii, pii, kenaka zii. Madzi anali akadali pakati.

"Apa ndiye kuti mwana wanga akali kusakila mphepo," anatero. "Tiyeseni chibokosi chikulu chija."

"Chimenecho n'cholemera, mayi. Batire lake ngati la galimoto. Mufika nacho bwanji?"

"Tiyeseni chabe."

BaMahdi anachikoka pansi pa shelefu akubuula. Kamakina kanaliranso, kanafuka mpaka kakapu kuuma gwa. Nkandu anathiramo madzi ena.

"Kodi mwaganiza zondiphikira tiyi?" anaseka baMahdi.

"Masiku ena chifuwa chimabwela kawili."

Mayi wolalata uja tsopano anali atasendera pafupi, nayenso akusuzumira m'kakapu. Kanaumanso, bokosi likadali ndi moto.

Foni inalira. Anali a Kombe.

"Wagula kaja?"

"Nagula chikulu, batate Chewe. Kompyuta yanu izayamba kupempha malo kuli mwana."

Anadula asanayankhidwe. Anamanganso mwana bwino kumsana, n'kutuluka kukaitana wa wilibala.